Dzenje la dziwe losambiramo takumba, koma pansi pakutuluka madzi. Ndipitirize?

Bambo a Tadala (Area 47, Lilongwe)

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonseyi, ndiye ndati ndifunse kwa inu amene munamangitsapo dziwe losambiramo lokumba pansi, kapena amene ntchito yanu ndi yomweyi.

Ndimakhala ku Area 47, chakumunsi, kumene malo amayamba kutsetserekera ku mtsinje wa Lingadzi. Ana anga awiri tikapita nawo ku Senga Bay safuna kutuluka m'madzi, ndipo mayi awo anauzidwa kuchipatala kuti kusambira kungawathandize bondo lomwe limawavuta. Takhala tikusunga ndalama zaka zitatu. Mwezi watha tinagwirizana ndi kontilakitala wina amene mnzanga wa kuntchito anandilozera, kuti atimangire dziwe la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi, kuya kwake kuyambira mita imodzi mpaka 1.8. Kotesheni ananditumizira pa WhatsApp, mizere isanu ndi umodzi basi, ndipo ndinapereka 60 peresenti ya ndalama zonse tsiku lomwelo chifukwa anati akufuna agule simenti isanakwere mtengo.

Makina okumbira sakanatha kudutsa pakati pa nyumba ndi mpanda, choncho anyamata asanu ndi mmodzi akumba ndi mapiki ndi mafosholo kwa masabata atatu. Dothi lonse aliunjika m'mphepete mwa dzenje momwemo, mulu wake wafika pa windo la kukhitchini, ndipo akuti kulichotsa sikunali m'kotesheni. Pamwamba dothi linali lofiira, koma atapitirira mita imodzi ndi theka linasintha, n'kukhala lotuwa ndi lomata ngati la kudambo. Tsopano mbali yakuya ija, m'mawa uliwonse timapezamo madzi ofika m'akakolo. Akawatunga, mawa lake abwereranso. Kumbukirani kuti uno ndi Okutobala, mvula sinagwe ngakhale dontho.

Kontilakitala akuti si nkhani, ayala pulasitiki wokhuthala kenako athira konkire pamwamba pake. Wasinthanso mawu pa makoma: poyamba tinagwirizana kuti akhala a konkire yothira, lero akuti amanga ndi mabuloko n'kupaka pulasitala chifukwa simenti yadula. Akufuna ndimuwonjezere 20 peresenti ina Lachisanu. Ndikamufunsa pulani yojambula amangoti ili m'mutu, wamanga maiwe ambiri. Pamalo pano ndaona matumba a simenti 40 okha, zitsulo sizinabwere.

Kodi madziwa ndi oopsa kapena ndikungodandaula pachabe? Mabuloko angapirire? Nanga ndalama za Lachisanuzi ndipereke? Mtima wanga ukukana, koma ndikuopanso kuti ndikamukwiyitsa athawa ndi zomwe ndinapereka kale, n'kundisiyira chidzenje mvula ili pafupi.

Wa zomangamanga (Namiwawa, Blantyre)

Bambo a Tadala, mwachita bwino kufunsa konkire isanathiridwe. Lachisanu musapereke kanthu.

Tiyambe ndi madziwo. Choyamba tsimikizani kuti ndi a pansi enieni. Tsekani mipopi yonse m'nyumba usiku, lembani nambala ya pa mita ya madzi, mudzaionenso m'mawa. Ikasuntha, ndiye kuti pali paipi yomwe ikudontha kufupi ndi dzenjelo. Anunkhizeninso, ndipo onani kuti soakaway (dzenje lomwetsera madzi oipa m'nthaka) yanu kapena ya aneba ili pati. Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, ndiye kuti mwakumba mpaka pamene madzi a pansi amakhala. Okutobala ndi nthawi imene madziwa amakhala atatsika kwambiri. Ngati lero akufika m'akakolo, mu Febuluwale angathe kufika m'chiuno kapena kupitirira.

Pulasitiki sathetsa vutoli, chifukwa vuto si chinyezi ayi, ndi mphamvu. Dziwe lopanda madzi limene lazunguliridwa ndi madzi a pansi limakhala ngati bwato. Tiwerengere limodzi. Dziwe lanu lidzatenga malita pafupifupi 45,000, omwe ndi matani 45. Konkire yake, pansi ndi makoma zikakhala zokhuthala masentimita 20, ndi makiyubiki mita pafupifupi 15, kulemera kwake matani 36. Koma malo onse amene chimangocho chatenga m'nthaka ndi makiyubiki mita oyandikira 60, ndipo madzi a pansi akadzaza mpaka pamwamba amachikankhira m'mwamba ndi mphamvu ya matani oyandikira 60 omwewo. Likakhala lodzaza, palibe chovuta. Likakhala lopanda kanthu, matani 36 sangalimbane ndi 60.

Izi ndinaziona ndi maso anga mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa kuno. Ndinaitanidwa pakhomo pena pomwe dziwe linadzaza matope, eni ake n'kulipopa lonse kuti alitsuke. Pofika m'mawa mbali yakuya inali itadzuka kuposa chikhatho, matailosi a m'mphepete atathyokathyoka, mapaipi onse ataduka pansi. Kukonza kwake kunali kugumula.

Malo ngati anuwo amamangika, koma motere. Pansi pa dzenje pamayalidwa miyala ya kwale masentimita 15 mpaka 20, m'kati mwa miyalayo n'kugonekamo paipi yoboolaboola yopita ku kachitsime kakang'ono kunja kwa khoma, komwe mungathe kuika pampu ndi kuona kuti madzi a pansi afika pati musanaganize zopopa dziwe. Pamalo pakuya kwambiri pamaikidwa hydrostatic valve, imene imatseguka yokha madzi a pansi akachuluka mphamvu, n'kuwalola kulowa m'dziwe m'malo moti alinyamule. Ndi kachipangizo kotchipa poyerekeza ndi ntchito yonse, koma konkire ikauma simungakaikenso mosavuta.

Za mabuloko: ongosanja ndi matope a simenti n'kupaka pulasitala, ayi. Dothi lotuwa lomatalo limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, ndipo khoma lopanda zitsulo limang'ambika. Alipo maiwe abwino a mabuloko, koma mabuloko ake amakhala ndi zitsulo zoima ndi zogona m'kati, mabowo onse atadzazidwa konkire, ndipo zitsulozo zimachokera mu silabu ya pansi. Kawirikawiri timagwiritsa ntchito zitsulo za Y10 kapena Y12 (zonenepa mamilimita 10 kapena 12) motalikirana masentimita 20, zitakwezedwa pa timiyala ta konkire kuti zikutidwe masentimita 5 mbali zonse. Koma nambala zenizeni akupatseni injiniya amene wafika pamalopo n'kugwira dothilo ndi manja. Pulani ya m'mutu simungaiyeze ndi tepi, ndiponso ku khonsolo ya mzinda amafuna yojambula. Simenti ikhale ya 42.5 (nambala ya mphamvu yake yolembedwa pa thumba), ndipo pa makiyubiki 15 mufunika matumba opitirira 100, osati 40. Pothira pakhale poker vibrator, makina onjenjemeretsa konkire kuti itsendereke, osati kuchokocha ndi ndodo. Pamene silabu ikukumana ndi khoma paikidwe waterstop, lamba wotchinga madzi, chifukwa maiwe ambiri amadonthera pamzere umenewo.

Chinthu china chachangu: mulu wa dothi uchoke m'mphepete mwa dzenje sabata ino. Ukulemetsa khoma la dzenje, ndipo muli anthu akugwira ntchito m'katimo.

Mnyamata wa ku Joni (Randburg)

Bambo, pepani ndi zimenezi. Ine ndakhala zaka 11 ndikugwira ntchito pa kampani yomanga maiwe kuno ku Johannesburg, ndinayamba ndi wilibala, pano ndine woika mapaipi. Akulu a ku Namiwawa anena zoona zokhazokha, ine ndingowonjezera mbali yanga.

Kuno timapopera konkire ndi makina, amati gunite, tsiku limodzi pansi ndi makoma zatha, popanda mzere wolumikiza. Kumudziko ambiri amathira ndi manja, ndiye tsiku lothira inu musapite kuntchito. Pemphani tchuthi. Mukhalepo kuyambira m'mawa, muone kuti anyamata ndi okwanira, mixer ili ndi mafuta, mchenga ndi wa kumtsinje wopanda dothi, ndipo sakuwonjezera madzi mu konkire kuti ifewe. Anyamata akatopa masana amakonda kuchita zimenezo, ndipo konkire ya madzi ambiri ndi imene imadzadontha.

Koma kumene ndaona mabwana akulira kwambiri ndi ku mapaipi. Munthu amasirira matailosi okongola, osadziwa kuti pansi pali joini imodzi yomwe sinamatidwe bwino. Mapaipi akhale a PVC a pressure, a mamilimita 50, osati oyera opyapyala a madzi oipa a kubafa aja. Onse akalumikizidwa, atsekedwe kumapeto, adzazidwe madzi, aikidwe geji, asiyidwe usiku wonse. Singano ya geji ikatsika ndiye kuti penapake pakudontha, ndipo afufuze asanakwirire. Pulambala wodziwa ntchito sakana zimenezi. Mukatero jambulani paipi iliyonse pa foni, tepi yoyezera ili pambali, kuti patapita zaka zisanu mudzadziwe pokumba.

Weir, pakamwa pamene pamakokera masamba ndi zinyalala za pamwamba, aiike mbali imene mphepo imakankhirako zinthu. Imani kuseri kwanuko madzulo angapo muone kumene masamba amaunjikana. Pampu ya 0.75 kW ndi fyuluta ya mchenga zikwanira pa dziwe lanulo, ndipo zikhale pafupi, mapaipi asatalike. Gulani mtundu umene zipangizo zake zimapezeka ku Lilongwe komweko. Abale ambiri amandiimbira kuti ndiwatumizire seal kapena basket ya pampu pa basi, n'kudikira masabata awiri madzi akubiriwira. Funsaninso kumene madzi otsukira fyuluta azidzapita, chifukwa ndi ambiri ndipo ali ndi klorini. Asapite ku septic tank, asapitenso kwa aneba.

Magetsi asakupangireni wina aliyense. Nyale ya m'madzi ikhale ya 12 volts, thiransifoma yake ili kutali ndi madzi, ndipo zonse zidutsire pa earth leakage ya 30 mA, switchi yothimitsa magetsi yokha akayamba kuthawira kwina. Apa ndi pa moyo wa ana anu.

Mukasankha marbelite, pulasitala wosalala wa m'kati mwa dziwe, m'malo mwa matailosi, dziwani kuti akangomaliza kupaka pamafunika kudzaza msanga, ndipo madzi asaime panjira. Akaima pamatsala mzere wozungulira dziwe lonse umene suchoka. Ndi payipi ya kumunda malita 45,000 amatenga masiku awiri, usana ndi usiku, madzi akamatuluka mwamphamvu. Ngati kwanuko amasiyasiya, konzeranitu bauza tsiku lopaka lisanafike.

Nachisale (Area 43, Lilongwe)

Achimwene, nkhani yanu yandikumbutsa zanga. Ine ndinamangitsa mu 2022, bambo a kunyumba ali kunja kwa dziko, ndiye zonse zinali pamutu panga. Za zitsulo ndi mapaipi anena kale amene akuzidziwa. Ine ndinena za ndalama ndi za anthu.

Nanenso ndinayamba ngati inu, kupereka zambiri poyamba. Kwacha itatsika mphamvu mu Meyi chaka chimenecho, mmisiri anabwera n'kuti ndalama zija zatha, pomwe zipangizo zinali zisanagulidwe. Sindinakalipe. Ndinamuitana, ndinaitananso mlongo wanga kuti akhale mboni, tinakhala pakhonde n'kulemba pepala. Kuyambira tsiku limenelo zipangizo ndimagula ndekha, iye ndimamulipira ntchito ya manja, ndiponso pang'onopang'ono: zitsulo zikamangidwa n'kuonedwa ndi injiniya, konkire ikathiridwa, mapaipi akayesedwa, pulasitala akatha. Ndinasunga 10 peresenti mpaka patapita miyezi itatu dziwe lili ndi madzi. Iye anadandaula tsiku limodzi, koma ntchito anaimaliza, ndipo mpaka lero timapatsana moni.

Inuyo muuzeni abweretse malisiti a zomwe wagula ndi 60 peresenti ija. Matumba 40 ndi malipiro a okumba sizingafike pamenepo. Zotsalazo mulembe kuti ndi za zitsulo ndi simenti, ndipo zifike pamalo musanatulutse tambala ina. Mufunseninso ngati ali ndi satifiketi ya bungwe la boma lolembetsa makontilakitala. Munthu amene ali m'kaundula amaopa kuipitsa dzina lake. Gulani kope la sukulu, muzilembamo tsiku lililonse: matumba angati alowa, angati atsegulidwa, anthu angati abwera. Matumba otha azikusungirani muziwawerenga madzulo. Ena amaona ngati n'kusakhulupirira anthu, koma ine ndinaona kuti amisiri abwino amakondwera nazo, chifukwa palibe amene angawanamizire.

Konkire ikathiridwa imafuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7, ndipo dzuwa la Okutobala ndi Novembala silichedwa kuiumitsa. Anyamata amaiwala, makamaka Lamulungu. Ine ndimadzuka 5 koloko kuthirira ndekha, n'kuphimba ndi masaka onyowa.

Muganizirenso za mtsogolo, poti walira mvula walira matope. Pampu ya 0.75 kW ikamayenda maola 8 patsiku imadya mayunitsi 6, pamwezi 180. Nyengo yotentha madzi amatsika pafupifupi theka la sentimita patsiku, ndiye pa dziwe lanulo ndi malita 160 ongouluka ndi dzuwa. Magetsi akathima masiku awiri otsatizana madzi amayamba kusintha mtundu. Ife tinamaliza n'kuika sola ya pampu yokha.

Ndipo chonde, mpanda wa dziwe muuike m'bajeti lero, osati "tikadzapeza ndalama". Kwathu tinachedwa nawo miyezi iwiri. Tsiku lina mwana wa mayi amene amatithandiza ntchito za pakhomo, wa zaka ziwiri, anatsatira mpira mpaka m'mphepete. Ndinamuona pa windo, ndinathamanga osavala nsapato. Palibe chinachitika, koma usiku umenewo sindinagone. Ngakhale dzenje lanulo panopa, lili ndi madzi kale, litchingeni ndi malata kapena waya.

Maganizo anga, ngakhale ena atsutsa: imani kaye. Konzani mapepala, pezani injiniya, gulani zipangizo pang'onopang'ono, mudzayambe mu Meyi mvula itatha. Ntchito yothamangitsana ndi mitambo siikhala bwino.

Wa zomangamanga (Namiwawa, Blantyre)

Mayi Nachisale, pa ndalama ndikugwirizana nanu kotheratu. Pa kudikira mpaka Meyi ndi pamene ndikukayika. Dzenje likanakhala lisanakumbidwe, ndikanati dikirani, ndipo mwezi wabwino woyambira ndi Juni kapena Julaye. Koma lakumbidwa kale, lakuya mamita oposa awiri, m'dothi lomata. Likamwa mvula ya Januwale makoma ake adzagumukira m'kati, ndipo kugumukako kumayenda cha kumene kuli nyumba ndi mpanda. Ife timati maziko a chomanga chilichonse atalikirane ndi dzenje mtunda wosachepera kuya kwa dzenjelo. Bambo a Tadala, tengani tepi muyeze kuchokera m'mphepete mwa dzenje kufika ku nyumba, komanso ku mpanda, mutiuze. Njira zilipo ziwiri: kumanga chimango cha konkire msanga koma molondola, n'kuchidzaza madzi kuti chidutse dzinja chili cholemera, zokongoletsa n'kudzachita chaka chamawa; kapena kubwezera dothi m'dzenje. Kulisiya lotsegula ndiye ayi.

Bambo a Tadala (Area 47, Lilongwe)

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Ndachita zomwe munanena. Mita ya madzi sinasunthe usiku wonse, madziwo sakununkha, ndipo soakaway ili kutsogolo kwa nyumba. Ndiye ndi a pansi ndithu. Ndayezanso: ku nyumba ndi mamita 3.4, koma ku mpanda wa kuseri ndi mita imodzi yokha, ndipo mpandawo ndi wa ine ndi aneba. Dzulo ndinapita kukawauza, tinakaona limodzi.

Injiniya anabwera Lachitatu. Analowa m'dzenje, anafinya dothi m'manja, ndipo mawu ake sanasiyane ndi a akulu a ku Namiwawa. Wawonjeza chimodzi chimene sindinachiganizire: akuti tichepetse kuya, mbali yakuya ikhale mita 1.5 m'malo mwa 1.8, malo otsalawo adzazidwe miyala ya kwale ya ngalande ija. Akutinso tisunthe khoma la kumpanda ndi theka la mita, dziwe likhale la mamita 3.5 m'lifupi. Ana anadandaula pang'ono poti amafuna kumadumphira, koma mayi awo anakondwa chifukwa adzatha kuima paliponse. Pulani atipatsa Lolemba, n'kupita nayo ku khonsolo.

Kontilakitala ndinakhala naye pansi, achimwene anga aakulu ali pomwepo monga munachitira Mayi Nachisale. Poyamba anakwiya, anati ndikumvera anthu a pa intaneti. Nditamufunsa malisiti anakhala chete, kenako anavomera kuti ndalama zina anazigwiritsa ntchito pa malo ena amene akumanga. Tinalemba pepala, wasaina kuti abweretsa zitsulo zonse ndi matumba 60 pofika Loweruka la mawa lino, ndipo sindiperekanso kanthu mpaka injiniya ataona zitsulo zitamangidwa. Sindikudziwa ngati asunga lonjezo, koma pepala lili m'manja mwanga ndipo mboni ilipo. Dothi layamba kuchoka, matipa anayi apita kale, ndalama zake ndalipira ndekha. Dzenje tazunguliza malata akale.

Tasankha kumanga chimango chokha chaka chino. Funso langa lomaliza: tikathira konkire, tidikire masiku angati tisanadzaze madzi, ndipo kunja kwa makoma tikwirire ndi dothi lomwe tinakumbali?

Mnyamata wa ku Joni (Randburg)

Dothi lotuwalo musabwezeremo, Bambo, lichoke lonse. Kwirirani ndi mchenga wa kumtsinje kapena dothi lofiira la pamwamba lija, pang'onopang'ono, masentimita 20 n'kutsendera, ena 20 n'kutsendera. Konkire imafika mphamvu yake yoyembekezeka pa masiku 28, koma tsiku lodzaza akuuzeni injiniya wanu malinga ndi simenti imene mwagwiritsa ntchito. Masiku odikirawo pampu ikhale mu kachitsime kaja, mvula ikagwa muzipopa, kuti madzi a pansi asakwere dziwe lili lopanda kanthu. Podzaza, madzi a m'kati ndi dothi la kunja zizikwera limodzi.

Likadzaza lisiyeni masiku angapo konkire imwe, kenako ikani ndowa ya madzi pa sitepe, mulembe mzere m'ndowa ndi wina pakhoma la dziwe. Patapita masiku atatu opanda mvula yerekezani. Zikatsika mofanana, ndiye kuti ndi dzuwa chabe. Dziwe likatsika kwambiri kuposa ndowa, muitaneni kontilakitala asanalandire gawo lotsatira. Za mpanda, kuno lamulo limati usachepere mamita 1.2, geti lake likhale lodzitseka lokha, ndipo mipata yake isapitirire masentimita 10. Muuzeni wowotcherera atsatire miyezo yomweyo.